Phazi la gule: zimene kalasi inaona pa zithunzi za mphwanga

Mphwanga ali Fomu 3 pa sukulu ina kufupi ndi Mtakataka. Teremu yathayi aphunzitsi a kalabu yojambula anawapatsa ntchito: zithunzi zisanu za pa foni, mutu wake "Kwathu". Anazisindikiza n'kuzimata pakhoma kuti kalasi yonse iperekepo maganizo. Ine ndinakhala kumbuyo ngati mlendo, ndipo zitatu mwa zithunzi zakezo ndizo zandilembetsa lero.

Choyamba sindichedwapo. Mlambe, dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri a Dedza, thambo lili psuu. Onse anaomba m'manja. Kwa ine ndi chithunzi cha pakalendala basi. N'chokongola, eya, koma mutati mlambewo ndi wa ku Salima kapena ku Mangochi palibe angakutsutseni.

Chachiwiri n'cha ku Golomoti: mayi atasenza mtolo wa nkhuni akudutsa m'mbali mwa mpanda wa magetsi a dzuwa, aja a mamegawati 20 amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Aphunzitsi anachikonda, ati chili ndi uthenga. Ulipodi, koma ndi uthenga woti umaudziwa usanayang'anitsitse n'komwe: uku magetsi, uku nkhuni, dandaulani. Chithunzi cholalikira. Mtsikana wina anangofunsa kuti kodi mayiwo ndi ndani, ndipo anavomera kujambulidwa? Mphwanga anazyolika. Anawajambula chakumbuyo, iye ali pa kabaza. Ndipo zimaoneka. Mayiwo alibe nkhope, angoimikidwa pamenepo kuti akhale chizindikiro cha umphawi. Funso limodzi lija linaloza chilema chimene maphunziro onse a kuwala ndi mthunzi sakanachipeza.

Mkangano weniweni unabuka pa chachitatu. Gule pamaliro a kumudzi kwathu, fumbi lili koboo, phazi limodzi lili m'mwamba. Kunena zoona, chinali chithunzi chabwino kuposa zonse pakhomapo. Koma mnyamata wina, wooneka kuti anagula njira, anaimirira n'kunena kuti pa akakolo a phazilo pakuoneka chipsera, ndipo aliyense wa m'mudzimo akachiona adziwa mwini phazi. Kwa ife Achewa gule si munthu wovala chigoba, ndi chilombo chochokera kudambwe. Chithunzi chotere chikangolowa pa WhatsApp ndiye kuti waulula, ndipo mlandu wake sukathera kusukulu.

Mphwanga anadziteteza bwino ndithu. Anati UNESCO inalengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo ku Mua alendo amajambula magule tsiku likakhala la zovina. Zoona. Malo a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 pa mishoni ya mu 1902 ija, akusunga zigoba mazanamazana m'nyumba ya Chamare. Koma apa mpamene ndimasiyana naye. Ku Kungoni anthu amakhala atagwirizana kale choti chionetsedwe, ndipo ovina amadziwa kuti makamera alipo. Pamaliro palibe waitana kamera. Boucher uja anafika m'Malawi muno mu 1967, buku lake la zigoba za gule n'kudzatuluka mu 2012. Werengani zaka zimenezo, zokhala pansi ndi eni gule. Mphwanga anafika ndi foni, m'mphindi ziwiri watha.

Anzake anamuuza kuti angodula phazilo. Apa ndiye kalasi inaphonya. Anayesadi, koma chinatsala ndi nthenga ndi nsanza zolendewera m'malere, gule wopanda nthaka. Mphamvu yonse inali pa phazi lija. Anzako amatha kuona msanga pamene pakudwala, koma mankhwala amene angakupatse, eee, uzikayikako.

Chimene anachita pambuyo pake ndicho chandisangalatsa. Anachichotsa pakhoma. Patapita milungu itatu kunali gule wa chiliza, ndipo anayamba wapita kwa amfumu kukapempha. Anamuloza poti aime, mbali ya amayi. Poyamba anakhumudwa poti pamenepo gule samaoneka bwino. Ndiye anajambula zimene zinali patsogolo pake: amayi asanu akuyimba, manja atatsala pang'ono kuombana, wina akuseka, wina wamng'ono akubwerera chambuyo ndi mantha, mwana kumsana atatong'ola maso. Gule mulibemo. Pali mthunzi wake wokha, wautali, utagwera pa zitenje zawo.

Chithunzichi chili ndi zofooka zake. Chapendekeka pang'ono, ndipo kuwala kwa masana kwayeretsa ngodya ya kumanja mpaka nkhope ya mayi mmodzi yafufutika. Aphunzitsi anamuchotsera malikisi pa zimenezo, ndipo sanalakwe. Koma nditachionetsa kwa agogo, amene sadziwa za ngodya, anayang'ana mthunzi uja ndi nkhope za amayiwo, n'kutchula dzina la gule amene ankavina.

Cha ku Golomoti chija sanachikonzebe. Akuti akuwafunafuna mayi aja pamsika.