Mneni "be" ndi Timawu Totsagana Naye m'Chingerezi: Kuunika Kaikidwe ka M'mabuku

1. Chiyambi

Mu 1925 Logan Pearsall Smith, m'buku lake lotchedwa Words and Idioms, adafalitsa dzina loti "phrasal verb", limene iye adati adalimva kwa Henry Bradley, mmodzi mwa akonzi a Oxford English Dictionary. Dzinali limanena za mneni amene akaphatikana ndi kamawu monga "up", "off" kapena "out" amabala tanthauzo losapezeka m'mawu awiriwo paokhapaokha. Mawu oti "give up", kutanthauza kugonja kapena kuleka, ndiwo chitsanzo chodziwika. Dwight Bolinger mu 1971 ndi Bruce Fraser mu 1976 adalemba mabuku athunthu pa aneni otere, ndipo mu 1975 A. P. Cowie ndi R. Mackin adatulutsa mtanthauziramawu wa aneni otsagana ndi aperekezi ndi timawu tina.

Ntchito imeneyi ndi yotamandika. Chodandaulitsa nchakuti mabuku ambiri ophunzitsira Chingerezi kwa anthu a ziyankhulo zina adalikonda gululi mopitirira, mpaka kuponyamo "be over", "be off", "be out" ndi "be up", ngati kuti nawonso ndi aneni atsopano ofanana ndi "give up". Pepala lino likutsutsa kaikidwe kameneka.

2. Kumene tanthauzo likhala

Taonani ziganizo izi:

(1) The meeting is over.
(2) I want the meeting over by noon.
(3) With the meeting over, we went home.

M'chiganizo (2) ndi (3) mulibe "be", koma ganizo loti msonkhano watha lilipobe lonse. Tsono ngati "be" angachoke tanthauzo nkutsala, ndiye kuti tanthauzolo limakhala mwa "over". Tikayesa njira yomweyi pa "give up" siitheka: mawu oti "with the soldiers up" sangatanthauze kuti asilikali agonja. Apa mpamene pali kusiyana kwenikweni kwa magulu awiriwa.

Umboni wachiwiri ndi wakuti m'malo mwa "be" mutha kulowa aneni ena popanda kusintha tanthauzo la kamawuko:

(4) The milk is off.
(5) The milk smells off.
(6) The milk has gone off.

Umboni wachitatu ndi wakuti timawuti timalumikizika ndi afotokozi wamba pansi pa "be" mmodzi yemweyo, monga m'chiganizo choti "She is up and ready". Kukadakhala kuti "be up" ndi mneni mmodzi, "be" sakadatha kugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, ina ngati theka la mneni, ina ngati cholumikizira mwininkhani ndi "ready". Mneni ameneyu ali pa ntchito yake yamasiku onse. Katundu wasenzedwa ndi kamawu kotsatirako.

3. Aonjezi kapena aperekezi?

Galamala yakale imati "in" ndi mperekezi mu "He is in the house", koma ndi muonjezi mu "He is in". Otto Jespersen, mu The Philosophy of Grammar ya 1924, adakana kugawa mawu amodzi pawiri chotere. Iye adayerekeza ndi aneni: mneni samasanduka mtundu wina wa mawu chifukwa choti lero ali ndi pamtherankhani ndipo mawa alibe. Joseph Emonds adalimbikitsa ganizoli mu 1972, ndipo Rodney Huddleston ndi Geoffrey Pullum adalikhazikitsa mu The Cambridge Grammar of the English Language ya 2002, m'mene timawuti timatengedwa ngati aperekezi osayambukira.

Ganizoli nlolimba, pakuti aonjezi enieni salola kukhala pambuyo pa "be" motere. Mngerezi sanena kuti "She is quickly", koma amanena kuti "She is out". Kutcha mawu awiriwa aonjezi nkumanga mbuzi ndi nkhosa chingwe chimodzi.

Komabe dzina latsopanoli silithetsa zonse. Mu "He is in" womvera atha kubwezeretsa dzina losowalo, nyumba kapena ofesi. Mu (1) mulibe dzina lililonse limene tingalibwezeretse pambuyo pa "over". Ndiponso "off" wa mkaka uja amalola mawu ochepetsa, monga "slightly off", ndipo amatsata "smell" ndi "taste" monga achitira afotokozi. Timawu tina tidachoka kale pa kuloza malo nkuyamba kufotokoza mkhalidwe, ndipo mphunzitsi amene wangouzidwa kuti onsewa ndi aperekezi sanathandizidwe mokwanira.

4. Pamene "be" ali ndi mbali yakeyake

Kunena chilungamo, pali malo amene mabuku aja salakwa. Chiganizo choti "She has been to London" chimatanthauza kupita ndi kubwerako, ndipo chimatheka m'nthawi imeneyi yokha. "She is to London" si Chingerezi chovomerezeka. Pano tanthauzo lagona m'kuphatikana kwa "have", "been" ndi "to", ndipo nkoyenera kuti wophunzira aloweze mawuwa pamodzi. Koma zitsanzo zotere nzochepa, ndipo sizipereka chilolezo choika gulu lonse pansi pa "be".

Tichenjerenso ndi ganizo loti "be" ndi kamawu amangonena zotsatira za mneni wina. Nthawi zambiri nzoona: amene "has gone out" ndiye kuti "is out". Koma "The alarm went off" ndiye kuti belu lalira, pamene "The alarm is off" ndiye kuti lazimitsidwa. "The match is off" akunena mpira wolephereka, pamene "They are off" pa mpikisano wothamanga akunena kuti anyamuka. Chimene chimasankha tanthauzo ndi mwininkhani, osati mneni.

5. Phunziro kwa ife

Kuyambira mu 1968, pamene Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chingerezi nkukhalabe cha ntchito za boma, ana a m'Malawi akhala akuphunzira ziyankhulo ziwirizi moyandikana. Mwana wodziwa Chichewa savutika ndi "He is in", popeza ali ndi "alimo" ndi "alipo", m'mene -mo ndi -po amaimira malo osatchulidwa. Vuto limabwera pa timawu tofotokoza mkhalidwe, chifukwa pamenepo Chichewa chimagwiritsa mneni weniweni: "is over" ndi "watha", "are out" ndi "azima", "is up" ndi "wadzuka". Womasulira akaona mneni mmodzi m'Chichewa amafulumira kuganiza kuti m'Chingerezinso muli mneni mmodzi. Koma kufanana kwa matanthauzo si umboni wa kufanana kwa kamangidwe.

Zotsatira zake zimaoneka poyera. Mwana amene adaloweza kuti "be over" ndiko kutha amaima njiii akakumana ndi chiganizo (3), popeza mneni amene adamuuza kuti afunefune palibe. Akatsegula mtanthauziramawu pa "be" sapezapo thandizo.

Chifukwa cha ichi tikupempha okonza masilabasi ndi olemba mabuku otanthauzira mawu a Chingerezi m'Chichewa zinthu zitatu. Choyamba, matanthauzo amenewa alembedwe pansi pa kamawu, monga "off" kapena "over", osati pansi pa "be". Chachiwiri, tanthauzo lililonse lisonyezedwe ndi mtundu wa mwininkhani amene limayenda naye, chakudya, magetsi, msonkhano kapena munthu, ndipo pakhale chitsanzo chimodzi chopanda "be". Chachitatu, pansi pa "be" patsale okhawo, monga "have been to", amene akana kuyesedwa ndi njira zafotokozedwa m'gawo lachiwiri.