Mphotho ya Grammy ndi Luso Loimba Pamodzi

Kuyambira mu 1967 kufikira mu 2011, bungwe la Recording Academy la ku America linkapereka mphotho yapadera ya Grammy kwa magulu oimba nyimbo za soul ndi rhythm and blues. Ena mwa ife angafunse kuti zimenezi zikuwakhudza bwanji ansembe. Zikutikhudza pakuti luso limene ankalilemekezalo lidaleredwa m'tchalitchi. Sam Moore ndi Dave Prater, amene adapambana mu 1968 ndi nyimbo ya "Soul Man", adakulira m'nyimbo za m'mipingo ya anthu akuda. Chimodzimodzinso Gladys Knight, amene adapambana mu 1974 pamodzi ndi The Pips. Mmodzi atsogolera, ena navomera: kaimbidwe ka pa mapemphero, kamene ifenso kuno si kachilendo.

Timvetsere bwino nyimbo ya The Temptations, "Papa Was a Rollin' Stone", imene idalandira mphothoyi mu 1973. Bambo wamwalira, ndipo ana afunsa mai wao kuti awauze zoona za munthu amene sadamdziwe. Woimba aliyense adza ndi mphekesera yake, Melvin Franklin ndi liwu lakuya, Damon Harris ndi liwu lapamwamba. Imodzi mwa mphekeserazo, ndipo ife olalika tisaithawe, ndi yakuti bamboyo ankalalikira za chipulumutso uku akudyera anthu masuku pamutu. Palibe mwana amene ali nayo mbiri yonse, ndipo yankho la mai, limene aliimba onse pamodzi, silitonthoza aliyense. Woimba mmodzi akadatipatsa dandaulo la munthu mmodzi. Gulu latipatsa banja lathunthu lovulala. Wansembe amene adaimapo pa maliro a bambo wothawa ana ake aidziwa mbumba imeneyi.

Mu 2011 bungwelo lidachepetsa mphotho zake kuchoka pa 109 kufika pa 78, ndipo kuyambira mu 2012 magulu ndi oimba paokha adaikidwa pa muyeso umodzi. Gulu lingathe kupambanabe, inde. Koma ife, amene Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatikani udatiphunzitsa mu 1963 kuti mpingo wonse uziimba nawo pa Misa, tikuona kuti pamenepa adaphonya. Adachotsa mphotho yokhayo imene inkayang'ana luso la munthu wonga Franklin, wodziwa kudikira mpata wake, kuimba mzere wake mokwana, ndi kubwereranso pakati pa anzake.