Badza la Mganda: Chikho Choitana Midzi

Msika wa fodya ukatsekedwa ku Chinkhoma, malole a mabelo n'kuleka kundanda m'mbali mwa msewu wa M1, midzi ya kwa Njombwa imapeza mpata wopuma. Chimanga chili m'nkhokwe, zigafa zili mbee, mvula ikadali kutali. Iyi ndiyo nyengo ya maukwati, ziliza ndi magule. Loweruka kapena Lamulungu masana mumakumana ndi mabanja m'tinjira: bambo akukankha njinga, mayi wabereka khanda, ana atsogola ndi liwiro. Chawadzutsa pakhomo ndi kulira kwina kokhuthala, konjenjemera, kumene kukudutsa madambo n'kufika mpaka m'makhonde. Amenewo ndi mabadza, ndipo kumene akulirako kuli mganda.

Boma la Kasungu silisowa malo okaona. Chakumadzulo, kumalire ndi Zambia, kuli nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu, yachiwiri kukula m'dziko muno, kumene mu 2022 anabweretsako njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Ku Mtunthama kuli mtengo wa kachere umene Dr Hastings Kamuzu Banda anaphunzirapo ali mwana, komanso sukulu ya Kamuzu Academy imene inatsegulidwa mu 1981. Koma kufika ku damu la Lifupa m'nkhalango ija ndi banja lonse kumalira galimoto ndi ndalama ya pachipata, ndipo mlimi amene fodya wake wathera ku ngongole ya fetereza sangaziganizire. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Bwalo la mganda lili pafupi, lilibe chipata, ndipo luso limene limaonekera pamenepo ndi lofunika kuliyang'anitsitsa.

Ntchito ya badza imayambira kumunda, miyezi yambiri gule asanachitike. Mmisiri amabzala mphonda pachulu kapena pafupi ndi chigafa kuti ziyange padenga, chifukwa mphonda yolendewera imatalika khosi mowongoka, pamene yogona pansi imapindika n'kuwola mbali imodzi. Sathyola msanga. Amadikira mpaka mtsitsi wake utauma, chikho chitalimba, njere zikuchita phokoso m'kati akachigwedeza. Akatero amasankha. Amachigogoda ndi chala pafupi ndi khutu kuti amve ngati chili ndi mng'alu wobisika. Amayang'ana makulidwe a mimba yake ndi kutalika kwa khosi, ndipo m'maganizo mwake amakhala akuona kale munthu amene adzachigwire: chaching'ono n'cha mnyamata wa mawu okwera, chachikulu n'cha bambo wa besi.

Kenaka umabwera mpeni. Amadula kumatako kwa chikho kuti pakhale kukamwa kotulukira mawu, n'kukokota njere ndi zonse zam'kati. Ena amachinyika m'madzi masiku angapo kuti kuwawa kuchoke ndiponso zotsalira zifewe, popeza m'kati mukakhala manyanunyanu mawu amafera momwemo. Kunsonga kwa khosi amadulako pang'ono kuti pakhale kabowo, ndipo chapambali, pafupi ndi nsongayo, amaboola bowo lina loikapo milomo. Apa m'pamene pamaonekera dzanja la katswiri. Bowo likakula, mpweya umathawa ndipo woimba amatopa nyimbo isanafike pakati. Likachepa, mawu amatsamwa. Choncho amaboola pang'ono, kuika pakamwa, kuyesa, kupalanso ndi nsonga ya mpeni, kuyesanso. Chikho chikang'aluka panthawi imeneyi palibe kusoka, amangotenga china.

Mtima wa badza uli pa kanthu kochepetsetsa. Pamakoma a nyumba zozira, makamaka kuseri kwa chitseko kapena pansi pa tsindwi, pamakhala tinsalu toyera, tozungulira, timene kangaude amaphimbira mazira ake. Mmisiri amamatula kamodzi mosamala ndi nsonga ya mpeni kuti kasabooke, n'kukamata pa kabowo ka kunsonga kaja. Kakamangika kwambiri sikanjenjemera, kakalekerera kamangopupuma osatulutsa kanthu. Iye amakakoka pang'ono ndi chala chonyowa, kumvetsera, kukokanso, mpaka kalire momwe akufunira. Masiku ano, pamene nyumba zambiri ndi za njerwa ndi malata, ambiri amadula kapepala kopyapyala ka jumbo n'kukamanga ndi mphira. Kamalimba ndipo kamapezeka msanga. Komabe amene anakulira pa kansalu ka kangaude amati mawu ake ndi ofewa, osabaya m'khutu, ndipo amakasungabe m'kabokosi ka machesi akakapeza.

Mwana akapatsidwa badza koyamba amatupitsa masaya n'kuuzira ndi mphamvu zonse, koma chikho chimangoti zii. Atsibweni ake amamuuza kuti, “Mphwanga, usauzire ayi, imbiramo.” Badza lilibe nyimbo yakeyake. Munthu amang'ung'udzira nyimbo m'bowomo, kansalu kaja kamanjenjemera ndi mawu akewo, ndipo mimba ya chikho imawakuza n'kuwaponya kutali. Woimba mophonya, badza limamuyalutsa pamaso pa anthu onse. N'chifukwa chake gulu limakonzekera madzulo ambiri kuseri kwa mudzi. A mabadza aang'ono amanyamula nyimbo, apakati amayankha, a besi amatsekera pansi, ndipo aliyense amaphunzira popumira kuti asasiye mpata pamene mnzake akukoka mpweya. Amuna makumi awiri akagwirizana bwino, womvera ali patali sangathe kulekanitsa mawu a mmodzi ndi a mnzake.

Luso limeneli linabadwa chifukwa cha kusowa. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1914 mpaka 1918, amuna ambiri a m'Nyasaland anapita ngati asilikali a King's African Rifles, ena ngati amtengatenga. Kumeneko anaona perete, yunifolomu ndi malipenga achitsulo. Atabwerera kwawo anafuna kuonetsa abale awo zimene anaona, koma lipenga lachitsulo analibe. Anatenga chimene chinali m'munda. Kwa Ayao a ku Mangochi kunakhazikika beni, kwa Atonga a ku Nkhata Bay malipenga, ndipo m'midzi ya Achewa a ku Kasungu, Dowa, Ntchisi ndi Lilongwe mganda. M'madera ambiri gulu lililonse linkatchedwa boma, lili ndi kingi wake ndi maudindo otengera ku usilikali. M'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey anayenda m'dziko muno akujambula nyimbo za makolo, kuphatikizapo za malipenga a zikho, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music ku South Africa. Chodabwitsa n'chakuti makolo athu sanangotsanzira. Lipenga la msilikali linkalamula kudzuka ndi kugona, koma la chikho analiphunzitsa kuimba za chikondi, za ulendo wa ku Joni, za mitengo ya fodya ndi za mkamwini waulesi.

Pabwalo, badza silikhala lokha. Ng'oma yaikulu ya zikopa ziwiri imagunda, kang'oma kakang'ono kamathamanga pamwamba pake, ndipo ovina amalowa m'mizere atavala malaya ochapa bwino, masokosi aatali ndi nsapato zopukuta. Tayang'anani mwamuna mmodzi wa mzere wakutsogolo. Dzanja lina lagwira badza pakamwa, lina likugwedeza kampango. Msana waweramira kutsogolo pang'ono, bondo likukwera mofanana ndi la mnzake wa kumanzere ndi wa kumanja. Wezulo ikalira, mzere wonse umatembenuka nthawi imodzi, phazi n'kugwa pansi pamodzi, fumbi n'kudzuka, koma nyimbo ya m'chikho osaduka. Kuvina ndi thupi lonse kwinaku ukuimba ndi mpweya womwewo ndi ntchito yolemetsa, ndipo wochita bwino amaichita nkhope ili yosalala ngati sakuchita kanthu. Amayi amalulutira, ena amalowa kukafupa ndi kandalama kapena kukapukuta thukuta pamphumi pa mlongo wawo.

Tsiku lotere limakhala la aliyense. Gulu la mudzi wina likabwera kudzapikisana, eni mudzi amakonza nsima, ndiwo ndi thobwa, podziwa kuti nawonso adzalandiridwa chimodzimodzi akadzapita. M'mbali mwa bwalo muli ogulitsa zitumbuwa, mandasi, nzimbe ndi mtedza wokazinga. Amuna akapuma, amayi amatenga bwalo ndi chimtali. Pa 6 July, tsiku lokumbukira ufulu umene tinalandira mu 1964, magule amenewa amatulukanso, ndipo pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano amasangalatsa abale obwera kuchokera ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Johannesburg. Koma December ndi mwezi wa mvula, ndipo chinyontho n'chovuta pa zoimbira. Chikopa cha ng'oma chimalefuka, kansalu ka badza kamanyowa ndi mpweya wa m'kamwa. N'chifukwa chake kuseri kwa bwalo simulephera kupeza kamoto ka udzu kowambira ng'oma, ndi bambo wachikulire atakhala pansi, mabadza ali pamiyendo, akumata ndi kuyesa limodzi ndi limodzi.

Bambo ameneyu dzina lake silitchulidwa pofupa, koma popanda iye bwalo likanakhala la ng'oma ndi fumbi basi. Lero masipika a m'magolosale a pa Bua ndi pa Chinkhoma amalira kuposa mabadza makumi asanu, ndipo foni ili m'thumba la mnyamata aliyense. Zimenezo zili ndi malo ake. Komabe sipika imaimba nyimbo imene inajambulidwa kwina, pamene badza limatulutsa mawu a atate ako, a achimwene ako, a aphunzitsi a pasukulu ya kwanu. Makolo opita ndi ana ku mganda achite bwino kufika msanga, gule asanayambe, n'kuwatengera anawo kuseri kuja kuti akaone mpeni, chikho ndi kansalu ka kangaude zili m'manja mwa mwini luso. Mwana amene waona badza likubooledwa, n'kuloledwa kuimbiramo kamodzi, ndi amene adzapemphe njere za mphonda mvula yoyamba ikagwa.