Mbalame ya Gwenembe ndi Mkute wa M'mawa

Mwana wa Sitandade 4 wa ku Nsaru sangakuuzeni tanthauzo la nsanje, koma mufunseni amene wadya mkute m'mawa uno, akuuzani dzina lake ndi pomwe adakhala akudya. Amadziwanso kuti chibadwire mng'ono wake wopondana naye, msana wa amayi udamuchoka, ndipo lero ndiye amabereka khanda amayi akapita kudimba kapena kukasankha fodya kuchigafa. Mwana wotereyu wadutsa pa maphatikizo, koma buku ngati Nthondo la Samuel Ntara likadamukulira. Akufunika kabuku ka mitu ifupiifupi, koti n'kumaliza mutu umodzi nsima isanapse. M'Chichewa timabuku totere n'tochepa, ndipo ta abale okangana n'tosowa kwambiri.

Chitsanzo tili nacho kale. Nthano ya Sikusinja ndi Gwenembe, yomwe John Gwengwe adailemba m'buku mu 1965, ndi ya abale awiri opita kukafuna ntchito kutali. Wina asunga zomwe wapeza, wina amwaza. Pobwerera, Gwenembe achita manyazi kukafika kumudzi chimanjamanja, napha mbale wake n'kutenga katundu. Kenaka patulukira kambalame koimba zomwe zachitika.

Luso lonse lili pa kambalameko. Gwenembe akapha, kadzukanso. Akaphanso mwaukali woposa poyamba, koma akangoyenda pang'ono akamva kakuimba patsogolo pake. Wofotokoza satiuza kuti munthuyu ndi wosaugwira mtima. Timaona tokha dzanja lake likubwereza chomwe lidachita kwa mbale wake. Ndipo kubwerera kulikonse kwa mbalame ndi mutu pawokha: nkhani iima, mtima wa womvera uli m'mwamba, mudzi ukuyandikira. Amene akufuna kuphunzira podulira mutu wa kabuku ka ana ayambe wawerenga kangati mbalameyo yadzuka. Pabwalo agogo ali ndi "tili tonse" wowauza ngati ana akadali maso. Wolemba alibe womuyankha, choncho mutu uliwonse uthere poti mwana atembenuze tsamba yekha.

Koma nthanoyi ili ndi pofooka, ndipo olemba ambiri atengera pofookapo n'kusiya mbalame. Sikusinja ndi wabwino kuyambira kuphazi mpaka kumutu. Salakalaka kanthu, sapsa mtima, sanyadira mbale wake ngakhale pang'ono. Munthu wosayesedwa sangatiphunzitse kudziletsa, chifukwa palibe chomwe akudziletsa. Munthu weniweni m'nkhaniyi ndi Gwenembe, koma m'mutu mwake sitiloŵamo. Usiku womwe adagona pafupi ndi mtolo wa mbale wake, akuganiza zomwe anthu akanene kumudzi, wofotokoza amaudumpha. Pamenepo m'pomwe pali nkhani ya mwana wathu wa mkute uja, pakuti iyenso amagona mphasa imodzi ndi yemwe akumuchitira nsanje.

N'chifukwa chake nthano zambiri za m'mabuku a sukulu zimandigwetsa ulesi. Mwana wabwino, mwana woipa, chilango, kenaka funso lakuti "Mwaphunzirapo chiyani?" Ophunzira amayankha mokweza onse pamodzi kuti nsanje ndi yoipa, belu likalira n'kukalimbirana bonya kunyumba monga mwa masiku onse. Sadadzione m'nkhanimo. Aliyense amadziyesa Sikusinja.

Beverly Cleary wa ku America adachita zosiyana m'buku lake la Beezus and Ramona mu 1955. Mkulu, wa zaka 9, amavutika mumtima poona kuti nthawi zina samukonda mng'ono wake wosamvayo. Palibe wofa, palibe mbalame. Zolakwa za mng'onoyo ndi zing'onozing'ono, monga kulembalemba m'buku la kulaibulale. Chomwe chimagwira owerenga n'chakuti wolemba adalola mwana wabwino kukhala ndi maganizo oipa osamusandutsa mfiti.

Kwathu kuno nkhaniyi ingakome koposa, chifukwa chibale chathu chili ndi malamulo ake. Wamkulu amauzidwa kuti "musiyire mwana" ngakhale chinthucho n'chake. Wamng'ono amatumidwa ndi aliyense, ndipo amavala malaya omwe adutsa pa misana iwiri. Mlongo ndi mlongo wake amakangana akudziwa kuti mawa mnyamatayo ndiye adzakhale tsibweni wa ana a mtsikanayo. Akulu amati chibale ndi fupa sichiola, koma mwambiwu sunena kanthu za tsiku lomwe fupalo likukubaya pakhosi, ndipo tsikulo ndilo la wolemba.

Ndikadakhala mkonzi wa timabuku ta Werengani ta National Library Service, kapena wa mabuku a sukulu a ku Domasi, ndikadapempha kabuku ka mitu isanu ndi umodzi. Mtsikana wasunga ndalama zokunkha mtedza kuti agule kope latsopano tsiku la msika pa Nsaru. Wafika nalo kunyumba, walibisa kudenga. Pobwera kotunga madzi apeza mng'ono wake walitsitsa, wang'amba masamba atatu n'kupangira ndege. Mutu wachitatu uthere pomwe mtsikanayo watula ndowa, watola kamtengo, kamwanako kakumumwetulira n'kumuonetsa ndegeyo.