Anyamata a Garage Rock Sanali Mbuli

Zimandinyansa mmene olemba za nyimbo amatamira magulu a garage rock a ku Ulaya a m'zaka za m'ma 1960. Amayamba ndi mtengo wa mbale: kambale aka kanadindidwa kochepa, lero kakugulidwa ndalama zankhaninkhani. Akatero amati anyamatawo sankadziwa kuimba, ankafuna kutengera The Rolling Stones koma dzanja linawakana, ndiye kukoma kwake akuti kuli m'kulepherako. Chiyamiko chotere n'chipongwe, ndipo chimaonetsa kuti wolembayo anathera nthawi pa chikuto, nyimboyo osaimvetsera.

Tengani The Monks. Anali anyamata asanu a ku America amene anakumana ali asilikali ku Gelnhausen, m'dziko la West Germany. Atatuluka usilikali anatsalira komweko, akuimba m'makalabu usiku ndi usiku, maola ambirimbiri, pamaso pa anthu oledzera osachedwa kutopa nawe. Munthu wodyera pamenepo sakhala mlendo pa chida chake. Poyamba ankatchedwa The Torquays, akuimba nyimbo za eni monga ankachitira aliyense. Mu 1965 anasintha dzina, kumeta paliwombo ngati amonke, kuvala zakuda ndi chingwe m'khosi. Olemba amathera inki pa mametedwewo. Ine chondikhudza ndi zimene anachotsa m'nyimbo zawo, chifukwa luso lawo lonse lagona pa kuchotsako.

Mverani chimbale chawo, Black Monk Time, chomwe anajambula ku Cologne ndipo Polydor inachitulutsa mu 1966. Woimba ng'oma, Roger Johnston, pafupifupi anazisiyiratu mbale zachitsulo zija zimene anzake ankabisalamo akasowa chochita. Anatsamira pa ng'oma zolira pansi, di di di, osakometsera. Pamalo pamene zitsulozo zikadalira, Dave Day anaikapo banjo yamagetsi, ndipo sankaidodola kuti itulutse nyimbo ayi, ankaikwapula nsambo zonse pamodzi, kha kha kha, mouma. Bezi ya Eddie Shaw imadutsa mu fuzz, kachipangizo kokhakhalitsa kaliridwe, n'kumabangula. Ogani ya Larry Clark imakhala duu, kenaka n'kulowa mwadzidzidzi mokuwa, n'kutulukanso. Gary Burger ankayandikitsa gitala ku sipika mwadala kuti ilire yokha, ndipo kulirako ankakuwongolera, kukuyambitsa ndi kukudula pamene wafunira. Mawu ndi ochepa, obwerezabwereza, oponyedwa pa kugunda komweko. Zida zisanu zonse zasanduka ng'oma imodzi. Aliyense amene anaonapo amayi awiri akusinja mumtondo umodzi akudziwa kuti minsi ikangosemphana pang'ono iwombana. Kuimba kwa The Monks n'kotero: palibe pobisala, wina akachedwa kamphindi zonse zagwa. Ndiye wina aziti awa ndi osadziwa? Pa pulogalamu ya kanema ya Beat-Club mu 1966 anagoneka gitala pansi, angapo n'kuizungulira kumaigogoda ndi zala, ng'oma osasuntha pa mzere wake. Zotere zimachita kukonzekera. Komabe chimbalecho sichinatulutsidwe kwawo ku America panthawiyo, ndipo mu 1967 gulu linatha.

Ku Netherlands nakonso nkhani ndi yomweyi, ngakhale kuti makhalidwe ake ndi ena. The Outsiders a ku Amsterdam, a Wally Tax woimba ndi Ronnie Splinter wa gitala, ankajambula nyimbo zopeka okha pa nthawi imene anzawo ankadalira za eni. Wotengera amachita zimenezo? Liwiro lawo limamveka ngati athawitsana, koma tcherani khutu ku bezi: imakhala patsogolo, ndiyo ikukoka gulu lonse, ndipo Tax amatha kutsitsa mawu mpaka kunong'ona pakati pa chipwirikiticho. Chimbale chawo cha 1968, CQ, sichinagulidwe kwenikweni, koma ine ndimachiika pamwamba pa zambiri zimene London inatulutsa chaka chimenecho. Q65 a ku Den Haag, pa Revolution ya 1966, amalemera mwa njira ina, blues yawo ndi yamatope, Wim Bieler akuimba Chingerezi chokhota osachita nacho manyazi. Mzinda wa Den Haag unali utamva kale magitala aukali a anyamata ochokera ku Indonesia, gulu lodziwika kwambiri pa kaimbidwe kameneko likhala The Tielman Brothers, kotero si zoona kuti Adatchi anadikira Angerezi kuti awaphunzitse phokoso.

Za magulu amene pofika 1967 anavala zamaluwamaluwa n'kuthira sitar ndi zitoliro paliponse sindikambapo zambiri; anagulitsa msana wa nyimbo kugula zokongoletsa. Ngakhalenso Los Bravos a ku Spain, amene "Black Is Black" inawatchukitsa mu 1966, kwa ine ndi nyimbo yosalala ya pawailesi basi. Ku Spain komweko ndingasankhe Los Salvajes a ku Barcelona.

Sindikunena kuti kambale kalikonse kofumbira n'kabwino. Zambiri mwa zimene osonkhanitsa mbale amalimbirana n'zofooka, ndipo kusowa kwake sikuzikometsa. Muyeso ndi umodzi: kodi gululi lagwirana pa kugunda, ndipo phokosolo alisankha kapena lawagwera? Amene anakulira pa WITCH ndi Ngozi Family ku Zambia m'ma 1970 muyesowu ali nawo kale m'khutu, amadziwa kusiyanitsa fuzz ya mmisiri ndi ya munthu wobisa zala zolemera.

Olemba anzanga, lekani kutiuza mitengo ya mbale ndi mametedwe. Ikani Black Monk Time, mutsate ng'oma ndi banjo zokha kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, mukatero mulembe.