Mpumiro wa Abusa

Kuchokera ku Area 18 kupita ku Nyumba ya Malamulo sipafunika minibasi. Ukatsata msewu wa Presidential Way, thukuta lisanauyambe n'komwe wafika. Nyumba zambiri za m'derali zidamangidwira ogwira ntchito m'boma, anthu amene makutu awo adatopa kale ndi nduna zowerenga pepala mutu uli zyoli. Anthu oterewa sagomera mlankhuli chisawawa. Komatu ngakhale amene sadawavoterepo a Lazarus Chakwera savuta kuvomera kuti bambowa pakamwa mpawo.

Lusoli adabwera nalo kuchokera paguwa. Adatsogolera mpingo wa Assemblies of God kuyambira 1989 mpaka 2013, pomwe adatula udindowo n'kukatenga utsogoleri wa chipani cha MCP. Mu 2014 anthu a ku Lilongwe North West adawasankha kukhala phungu, ndipo m'Nyumbamo adatsogolera mbali yotsutsa boma. Ambiri amathamangira kutsanzira Chingerezi chawo chomveka cha ku America. Ine chimene chimandigwira mtima ndi mpumiro. A Chakwera amatha kuimika chiganizo pakati, n'kukweza maso, kukusiya udikire mawu amene ukuwadziwa kale kuti akubwera. Akafika mawuwo, umamva ngati wawanena ndiwe.

Takumbukirani madzulo a pa 24 January 2022. Dziko lonse lidali litamva mawu a lamya ojambulidwa mobisa a mkulu wa bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, a Martha Chizuma. A Chakwera, monga Pulezidenti, adayamba kuyala zolakwa za mayiyo chimodzichimodzi, osathamanga, mawu ali pansi, mpaka womvera aliyense adatsimikiza kuti ntchito yatha basi. Atafika pamene nkhwangwa imayenera kugwa, adakhota: awadzudzula, koma akhalabe pampando. Anthu asanapume, adathetsa nduna zonse. Mlaliki wodziwa ntchito amatero kumene. Amakufikitsa pakhomo la chiweruzo kuti chisomo chikome, ndipo mfundo yolemera amaisunga kumapeto.

Pepala lokonzedwa bwino likhoza kubisa munthu, paja ena amati lusolo n'la owalembera. Yankho lake lidaoneka mu September 2020, pomwe adabwerera m'Nyumba ija ngati Pulezidenti kukayankha mafunso a aphungu, mwambo wolembedwa m'malamulo koma umene atsogoleri adauleka kuyambira nthawi ya a Bakili Muluzi. Funso lowonjezera silikupatsa mpata wofunsa mlembi. Iwo ankamvetsera mpaka wofunsayo atakhala pansi, n'kuyankha mosakweza mawu, ngakhale funsolo litabwera ndi minga. Zaka za kumipando yotsutsa zidawaphunzitsa kumene mbola ya phungu imabisala.

Vuto la mlaliki waluso n'lakuti anthu saiwala zimene wanena. Wandale wachibwibwi akalonjeza, pofika mawa zauluka. A Chakwera adalonjeza ntchito 1 miliyoni, feteleza wa K4,495, ndi ulendo wa ku Kanani, ndipo zonsezi zidakhazikika m'mitu mwa anthu monga vesi loloweza ku Sande sukulu. Nduna zoyamba za mu July 2020 zitatuluka muli mwamuna ndi mkazi wake, mlongo ndi mlongo wake, anthu adawayeza ndi mawu awo omwe. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mizere ya mafuta itatalika, wa kabaza aliyense ankafunsa kuti Kanani uja ali kuti. Maepiskopi a Katolika, m'kalata yawo ya February 2024, adatenga fanizo lomwelo n'kulitembenuza: ulendowo wathera ku Bagamoyo, doko lakale la akapolo. Adabayana ndi mkondo umodzi anthu a ntchito imodzi.

Pa chisankho cha pa 16 September 2025 adagonja, atapeza mavoti pafupifupi 33 pa 100 alionse. Pa 24 September, bungwe loyendetsa zisankho la MEC lisanalengeze zotsatira, adayankhula ku mtundu wa Amalawi kuti waimbira kale foni a Peter Mutharika, amene adapambana, kuwafunira zabwino. Adatchula madandaulo a chipani chawo, koma sadabisale kumbuyo kwake. Otsatira awo ena ankafuna kumva mawu ankhondo tsiku limenelo, ndipo sadawamve.