Mbira, Phini ndi Wotchi

Mayi wa ku Area 12 amene dokotala wamano wamubaya jakisoni wa dzanzi amafunsa funso limodzi: "Adokotala, dzanzili litha nthawi yanji?" Yankho lake linafufuzidwa kalekale pamsana pa mbira, kanyama komwe kamalira kukhitchini kwa agogo.

Mu 1945, ku Oxford, Edith Bülbring ndi Isabella Wajda analongosola njira yoyezera mankhwala a dzanzi imene imandigwira mtima chifukwa cha kuphweka kwake. Mbira amaimeta msana dzulo lake, kuti khungu liyambe lapola. Tsiku loyeza amabaya 0.25 ml ya mankhwala m'kati mwa khungu lenilenilo, osapitirira kunsi, mpaka patatukuka kathuza. Kathuzako amakazunguliza ndi inki. Apo ndiye pamafunika dzanja lodziwa. Woyeza amadikira mphindi 5, n'kutenga phini n'kukhudza m'kati mwa mzerewo kasanu ndi kamodzi, n'kubwerezanso pa mphindi 5 zilizonse, mpaka zitakwana mphindi 30. Zonse pamodzi ndi maulendo 36. Mbira ikamva, khungu limachita tsemwe, nthawi zina imalira pang'ono. Woyeza amawerenga maulendo amene khungu langokhala zii.

Chovuta ndi chakuti kukhudza kwa 36 kuyenera kulemera chimodzimodzi ndi koyamba. Ukakanikiza kwambiri wanamizira mankhwala kuti ndi ofooka. Ukanyengerera wawapatsa ulemu wosawayenera. Mmisiri weniweni amayamba wakhudza kunja kwa mzere kuti atsimikize kuti kanyamako kakumva bwinobwino, ndipo amakagwira mofatsa, pakuti mbira yamantha imanjenjemera pena paliponse n'kusokoneza chiwerengero. Ine ndimalemekeza kuleza mtima kumeneku: maso pa khungu, khutu ku wotchi, dzanja losatopa.

Carl Koller ku Vienna anali atayamba kale kuyesa mankhwala a dzanzi pa nyama mu 1884, podonthezera cocaine m'diso la chule. Lignocaine, mankhwala a dzanzi amene Nils Löfgren anapanga ku Stockholm mu 1943, amagwira ola limodzi kapena awiri. Akamusakaniza ndi adrenaline amakhalitsa, chifukwa mitsempha ya magazi imafinyika ndipo mankhwala sachoka msanga pamalopo. Bupivacaine amakhalitsa kuposa apo, n'chifukwa chake ndi amene amabayidwa kumsana kwa amayi ochira kudzera pa opaleshoni, monga ku zipatala za Bwaila ndi Kamuzu Central.

Mukadzamva mlomo ukubwerera m'malo pa nthawi imene adokotala ananena, dziwani kuti alipo amene anakhala chete ndi phini m'manja, kuwerenga mpaka 36.